Hita ndi magetsi a pikapu yakale: yezani kaye musanathamangire kukagula sipeya

Amene amanyamuka ku Mkanda kapena ku Kapiri 4 koloko m'mawa mwezi wa Juni atanyamula soya kupita ku Lilongwe akudziwa kuti nkhani ya hita si yachibwana. Ena amaseka ati hita ku Malawi kuno ya chani, koma Mchinji m'mawa kumazizira abale, ndipo vuto lenileni si kuzizirako ayi, ndi nthunzi ya pagalasi. Mukakhala atatu kutsogolo mawindo otseka galasi limangoti mbuu mkati, dalaivala dzanja limodzi pa chiwongolero lina likupukuta ndi chipewa, uku mumsewu muli njinga za makala zopanda ndi rifulekita yomwe. Nthawi ya mvula ndi chimodzimodzi. Ndiye hita izigwira ntchito basi.

Ndikukamba za magalimoto athu omwewa, ma Hilux a injini zotchedwa 2L, 3L ndi 5L, Isuzu KB, Nissan Hardbody, Mazda B2500 ndi anzawo. Onsewa ndi a 12 volts ndipo alibe makompyuta ovuta, munthu wa sipanala ya 10, sikuludiraiva, pulayala ndi sandipepa atha kukonza zambiri pakhomo. Pa galimoto zakalezi zinthu zambiri zimene timati zafa zimakhala zisanafe, limakhala dzimbiri, fumbi, waya womasuka, kapena ntchito ya munthu wina amene anagwirapo kale mwachidule. Nchifukwa chake chida choyamba ndi tesita. Mutha kupanga nokha: babu la indiketa, waya mmodzi pa kadontho ka pansi pa babulo, wina pa chitsulo cha m'mbali. Waya mmodzi mukamugunditsa pa bodi, winayo pamene mukukayikira, likayaka ndiye kuti moto ulipo. Multimeter nayo gulani, yotchipa yomweyo ikwanira, koma babu lili ndi ubwino wake chifukwa limakoka moto. Waya amene watsala ndi tinsinga tiwiri mkati mita imawerenga 12 volts bwinobwino pamene babu limangofiira pang'ono, nkukuuzani chilungamo.

Musanamasule chilichonse cha magetsi chotsani teminolo ya negetivi pa batire, ndipo iziyamba ndi imeneyo nthawi zonse, pobwezera izikhala yomaliza. Mphete ndi wotchi ya chitsulo vulani. Batire ya galimoto siigwira munthu ngati magetsi a m'nyumba koma mphete ikalumikiza pozitivi ndi bodi imafiira pompo chala chili momwemo.

Hita ili ndi mbali ziwiri, ya madzi ndi ya mpweya, ndipo muyenera kudziwa kaye kuti yavuta ndi iti. Kutentha kumachokera ku madzi a injini amene amadutsa mu karadiyeta kakang'ono kuseri kwa dashibodi, fani nkumaombera mpweya kudutsa pamenepo. Ngati fani ikulira mpweya ukutuluka koma wozizira, vuto ndi la madzi, musavutike ndi mafyuzi. Ngati kuli zii, ndi magetsi.

Za madzi, tsegulani boneti muyang'ane pa chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, mupeza timapayipi tiwiri tolowa mkati. Nthawi zambiri pa mapikapu akuno mupeza timapayipito tili pululu, mahosi ake wina anawalumikiza okhaokha kapena anatseka ndi bawuti nkumanga kilampu. Zikakhala choncho dziwani kuti karadiyetako kanayamba kudontha mwini wake wakale nkungokalambalala. Musangobwezera mahosi ayi, mudzanyowetsa kapeti. Thirani madzi mu kapayipi kamodzi mpaka atulukire kwinako, tsekani kamodzi ndi chala, kenako popani pang'ono ndi pampu ya njinga, pang'ono ndithu, wina akuyang'ana pansi pa dashibodi mbali ya pasenja. Pakadontha ndiye kakufunika kutuluka, ndipo sindikunamizani, kutulutsa kameneko pa magalimoto ambiri ndi kumasula dashibodi yonse, ntchito ya tsiku lathunthu. Jambulani ndi foni pulagi iliyonse musanaizule. Kakakhala ka kopa okonza maradiyeta amakamata nkukhala bwino, koma ka aluminiyamu ka mitu ya pulasitiki kungosaka kena kwa ogulitsa masipeya ku Biwi ku Lilongwe.

Mahosi akakhala kuti ali m'malo mwake, yendetsani galimoto itenthe, ikani hita pa kotentha, ndiye gwirani mahosi awiriwo mosamala ndi fani ya injini. Onse akakhala otentha koma mkati mukutuluka mpweya wozizira, ndi kakebulo ka pa liva ya dashibodi kamene kachoka kapena kaduka, sikakusuntha chitseko cha mpweya. Limodzi lotentha lina lozizira, madzi sakudutsa. Yambani mwaona kavalavu kamene magalimoto ambiri akale ali nako pa hosi yolowa, kamauma ndi dzimbiri, wina azisuntha liva mkati inu mukuona ngati kadzanja kake kakuyenda. Kakakhala bwino ndiye karadiyetako katsekeka ndi matope. Onse awiri akakhala ofunda chabe, geji ya kutentha nayo ili pansi penipeni olo mwayenda kuchokera pa boma mpaka pa Kamwendo, musafunsenso, thermostat, kavalavu kotseka madzi opita ku radiyeta mpaka injini itatentha, mulibe.

Apa ndiimepo kaye chifukwa nkhani imeneyi imandinyansa. Pali chikhulupiriro m'magalaja ambiri choti thermostat ndi ya kumayiko ozizira, galimoto ikangotentha kamodzi amaichotsa nkuitaya. Koma injini ya dizilo inapangidwa kuti izigwira ntchito madzi ali pa madigiri 80 ndi kupitirirako pang'ono, ikamayenda yozizira imamwa mafuta ambiri, imafuka utsi, ma ring'i amatha msanga, oyilo amada msanga. Galimoto imene ikutentha ili ndi vuto lina, radiyeta yotsekeka, lamba wolefuka, fani yotha mphamvu kapena gasiketi, ndipo kuchotsa thermostat kumangobisa vutolo. Bwezerani. Pa thupi lake pamadindidwa nambala, kawirikawiri 82 kapena 88, gulani yofanana ndi ya injini yanu. Musanaike imangeni ndi kawaya muilendewetse mu poto wa madzi pamoto osagunda pansi, madzi akamayandikira kuwira muiona ikuyasama, mukaitulutsa itseke yokha. Yosayasama bwezani kwa wogulitsa, zabodza zachuluka. Poika, kabowo kakang'ono kokhala ndi kapini kayang'ane kumwamba kuti mpweya uzituluka.

Kutsuka karadiyeta kotsekeka nkosavuta. Injini itazizira chotsani mahosi onse awiri ku mbali ya injini, thirani madzi mobwerera kumbuyo, kulowetsa kotulukira kuti atulukire kolowera, kenako sinthani, kangapo mpaka zofiira za dzimbiri zithe. Chigubu cha malita 20 mutachikweza pamwamba pa kabini ndi kapayipi chimakwanira. Musayerekeze kupita nako kwa otsuka magalimoto a mashini a puresha, kamaphulika. Ndipo potulutsa hosi musakoke mwamphamvu kapena kupotokola ndi pulayala, timapayipi take ndi tofewa, bola kung'amba hosi yakaleyo ndi leza mugule ina.

Matope amenewa amabwera ndi madzi amene timathira. Madzi a pamjigo ambiri ali ndi mchere umene umasiya zoyera zolimba mkati, a kudambo ndiye osanena. Thirani kulanti, mankhwala a mu radiyeta aja, wosakaniza ndi madzi oyera othira mu batire aja, osati asidi, kapena a mvula osefa bwino zikavuta. Kulanti wakale musamusiye m'beseni pabwalo, amatsekemera koma ndi poizoni, galu kapena mwana akamwa ndi maliro. Podzaza imikani galimoto mphuno ili kumtunda, hita pa kotentha, chotsekera cha radiyeta chotsegula, lizani injini muziwonjezera madzi pamene thovu likutuluka mpaka hosi ya pamwamba itenthe. Mpweya ukatsalira mumamva madzi akuchita khuluru kuseri kwa dashibodi mukaponda moto. Chotsekera cha radiyeta injini ili yotentha sititsegula, mukudziwa kale.

Tsopano fani yosalira. Yambani ndi fyuzi, bokosi lake limakhala pafupi ndi phazi la dalaivala, lina mu injini pafupi ndi batire. Osangoyang'ana ndi maso, tsegulani kiyi mugunditse tesita pa timitu tiwiri ta pamwamba pa fyuziyo, moto upezeke mbali zonse. Mbali imodzi yokha ndiye yapsa. Mafyuzi a pulasitiki aja mtundu wake ndiye mphamvu yake: yofiira 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Bwezerani yofanana ndi imene yalembedwa pa chivindikiro. Zomanga kawaya ka kopa kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya pa fyuzi yakupsa zija, kuli ngati kuthamangitsa mlonda chifukwa wakuwa kuti kwabwera akuba. Fyuzi ikapsa ndiye kuti pena pali shoti kapena mota ikukoka moto wambiri, mukailetsa kupsa apsa ndi mawaya a kuseri kwa dashibodi, ndipo amapsa mtolo wonse pamodzi.

Fani ikamalira pa sipidi yomaliza yokha, zina zonse zii, imeneyo ndi rezisita, kachipangizo kochepetsa sipidi ya fani, musagule mota. Ili pafupi ndi fani yomweyo pansi pa dashibodi mbali ya pasenja, yomangidwa ndi tisikuluu tiwiri mu njira ya mpweya, mukaitulutsa muona timawaya topotapota ndipo kamodzi kamakhala kataduka. Anaiika mu njira ya mpweyamo dala kuti izizizira, ndiye musaiyese ili panja kwa nthawi yaitali, imatentha zoopsa.

Ikakhala chete pa sipidi zonse zulani pulagi ya pa mota, tengani mawaya awiri kuchokera ku batire mupatse motayo moto mwachindunji. Ikazungulira mota ili bwino, vuto lili ku rilee (kabokosi kakang'ono kolumikiza ndi kudula moto waukulu), swichi kapena waya. Rilee mutha kusinthanitsa ndi inzake yofanana nayo mu bokosimo kuti muone. Pali kanthu kamene kamasokoneza anthu pa ma Toyota ambiri: moto umafika kaye pa mota, ndiye swichi ya pa dashibodi imadula mbali ya ethi, njira yobwerera moto ku negetivi kudzera pa bodi. Mukayeza pulagi ili pamalo pake nkupeza moto pa mawaya onse awiri musaganize kuti ndi shoti, zikutanthauza kuti moto walowa wadutsa mu mota koma ukusowa njira yobwerera, pitani mukaone swichi ndi ethi yake. Swichi zakalezi zimamasuka, mkati mumakhala timakopa takuda ndi girisi wouma, kupala pang'ono basi yadzuka.

Mota ikakana olo mwaipatsa moto mwachindunji, itulutseni, ndi tisikuluu titatu nthawi zambiri. Apa konzekani kuona zinthu. Pikapu imene imanyamula chimanga ndi mtedza nkumagona pafupi ndi nkhokwe imakhala nyumba ya makoswe, ndipo malo amene amawakonda kwambiri ndi mu fanimo. Mumapeza makoko a mtedza, ulusi wa masaka, siponji ya mpando yonyenyedwa, zonse zitapanikizana mu mapeni a fani mpaka siingazungulire, fungo lake lokha likuuzani musanamasule. Chotsani, tsukani, donthezani oyilo pang'ono pa shafuti, zungulizani ndi dzanja. Ikafewa koma osalira, kapena imalira mukaimenya, ndi mabulashi atha, timakala tiwiri ta mkati, a magetsi a galimoto amasema ena nkuika pa mtengo wochepa. Ndipo poti makoswe analowa, yendani ndi tochi kuona mawaya onse a pamenepo, samadya mtedza wokha.

Mavuto ena a magetsi ambiri amathera pa ethi. Galimoto imagwiritsa ntchito bodi ndi chasisi ngati waya wobwerera, ndiye pamene waya wa negetivi wamangidwa pa bodi, ndi kalamba ka kopa kochokera ku injini kupita ku chasisi, pakachita dzimbiri zinthu zimayamba misala. Sitata imangoti tcha tcha, magetsi akutsogolo amafiira, geji ya kutentha imakwera mukayatsa magetsi. Masulani malo amenewa, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, pakani girisi pamwamba. Kuti mutsimikize ikani mita pakati pa mutu wa negetivi wa batire ndi chitsulo cha injini wina akuliza, ikawerenga kupitirira 0.5 volts ethi yanu ndi yofooka. Mateminolo a batire otuwa ndi zobiriwira zija tsukani ndi madzi ofunda osungunuliramo soda wophikira. Teminolo yokula imene anthu amakhomerapo msomali kuti igwire, sinthani.

Kumbuyo ndiye kwenikweni. Mukayatsa indiketa nyali ya buleki nkumaphethira nayo, kapena mukaponda buleki ma paki akutsogolo nkuyaka, musasake shoti, ndi ethi ya nyali ya kumbuyo. Feteleza amene timanyamula uja amadya chitsulo koopsa, matumba akadontha mvula nkunyowetsa zonse zimatsikira ku nyali ndi mabawuti a bodi. Kokani waya watsopano kuchokera pa chitsulo cha holoda ya babu kukafika pa chasisi popala bwino. Onaninso babu la buleki, ndi la nsinga ziwiri, 21 ndi 5 watts, wina akakakamiza la nsinga imodzi mmenemo limalumikiza mizere iwiri nkuyambitsa misala yomweyo. Indiketa yophethira mothamanga ndi babu limodzi lapsa mbali imeneyo.

Batire yodzadza galimoto itagona imawerenga 12.6 volts, ikafika 12.2 ili pa theka, pansi pa 12 yatha. Injini ikulira muziona pakati pa 13.8 ndi 14.5. Ikakhalabe pa 12 olitaneta sikutchaja, yambani ndi lamba ndi pulagi ya kumbuyo kwake, ikapitirira 15 regyuleta, kachipangizo koletsa moto wa olitaneta kupyola muyezo, yafa ndipo iphika batire ndi mababu. Kuyesa olitaneta pozula teminolo injini ikulira, kapena kuliza ndi batire yobwereka nkuichotsa injini ili moto monga amachitira a matola pa siteji, kumapha ma dayodi a mkati mwa olitaneta ndi regyuleta, gwiritsani ntchito majampa. Pa ma 2L, 3L ndi ma Isuzu ambiri a dizilo pampu ya mabuleki ili kumbuyo kwa olitaneta, ndiye lamba akaduka si nyali ya batire yokha imene iyake, buleki nayo ilimba posakhalitsa, imani. Silu ya pampu imeneyo ikatha oyilo amalowa mu olitaneta nkunyowetsa mabulashi, mukaona yanyowa oyilo vuto layambira pamenepo. Mukapita kwa owotcherera kukaika zitsulo za kumbuyo zonyamulira mabelo a fodya a ku Chinkhoma, batire izulidwe kaye mbali zonse asanayatse mashini.

Dizilo yovuta kulira m'mawa wa Julayi, ikalira nkumagwedezeka ndi utsi woyera kwa kanthawi, imeneyo ndi ma hita pulagi a injini, otenthetsa mkati mwake isanalire, osati batire ngati sitata ikuzungulira bwino. Onani kaye ngati moto ukufika pa kachitsulo kowalumikiza onse anayi pamene mwangotsegula kiyi. Ukafika chotsani kachitsuloko, waya wa tesita muike pa pozitivi ya batire, gunditsani pamutu pa pulagi iliyonse payokha. Imene babu silikuyaka yafa. Pitani nayo yakaleyo kogula chifukwa amasiyana ma volts, ena ndi a 6 kapena 7 ena 11, olo akuoneka ofanana, mukaika a ma volts ochepa pa galimoto yofuna a 11 apsa msanga. Pomasula thirani kaye mafuta ofewetsa dzimbiri usiku, pulagi ikadukira mu mutu wa injini ntchito yake si ya pakhomonso.

Zowonjezera zimene timakonda, nyali za ma sipoti, wailesi ya ma sipika akumbuyo, motchajira mafoni, ndi zimene zimawotcha magalimoto ambiri. Masamu ake ndi ophweka, ma watts kugawa ndi 12. Ma sipoti awiri a 100 watts akukoka pafupifupi 17 amps, moto umenewo sungadutse pa swichi ya magetsi ya galimoto ya zaka 30. Ikani rilee, timiyendo take tili ndi manambala: nambala 30 ichokere ku batire kudzera pa fyuzi ya 20 yoikidwa pafupi penipeni ndi batireyo, 87 ipite ku nyali, 85 ku ethi, 86 ku swichi yanu. Waya akhale wa 2.5 mm² wa tinsinga tambiri. Waya wa m'nyumba wa nsinga imodzi yolimba uja sapirira mabampu a msewu wa fumbi, amathyokera mkati chikopa chili bwinobwino nkukuzunzani kusaka. Polumikiza osangopota nkukulunga pepala la shuga ayi, matani ndi solda kapena finyani ma konekita, kulungani tepi yeniyeni, ndipo pamene waya akudutsa pa bowo la chitsulo muvekeni kachidutswa ka hosi kuti asadyeke.

Batire yabwino imene ikumatha galimoto ikangogona usiku umodzi kapena uwiri, pali chimene chikuba moto. Zimitsani zonse, tsekani zitseko, zulani negetivi, ikani tesita ya babu laling'ono la 5 watts pakati pa mutu wa batire ndi waya mwazulayo. Likayaka mowala zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka lizime, mzere umenewo ndiye wakuba. Mafyuzi onse akatha babu likadali chiyakire, sakani mawaya amene wina anakokera pa batire mwachindunji osadutsa mu bokosi, wailesi ndi thiraka yakale yolondolera galimoto imene inaiwalika ndiye amakonda kupezeka pamenepa. Akakhala kuti palibe, masulani waya wamkulu wa kumbuyo kwa olitaneta, babu likazima ndi dayodi imene ikubweza moto, itengeni olitanetayo kwa a magetsi akasinthe mbale ya ma dayodi yokhayo.